Dzimbiri Pakamwa pa Mfuti: Zoyenera Kudziwa Wantchito wa Pafamu

Achinyamata ambiri a m'makomboni a Lusaka, monga Kanyama, Chawama, George ndi Matero, akatsiriza maphunziro a zaulimi amakapeza ntchito m'mafamu a ku Chisamba, Chongwe, Chilanga ndi Kafue. Ena mwa mafamuwa amaweta nyama zakutchire pamodzi ndi ng'ombe, ena amavutika ndi nguluwe zowononga chimanga. Kumeneko wantchito wokhulupirika amapatsidwa udindo wotsuka ndi kusunga mfuti, ndipo masiku ano mfuti zina zosakira zimakhala ndi sailensa, kachitsulo kochepetsa phokoso kamene amakapotera kutsogolo kwa mpope.

Sailensa si chinthu chatsopano. Hiram Percy Maxim wa ku America adailembetsa kuboma monga luso lake mu 1909. Mfuti yaikulu ikalira, phokoso lake limafika pafupifupi madesibo 160, pamene phokoso ladzidzidzi lopitirira 140 limawononga kale makutu. Sailensa imachotsako madesibo 20 kapena 30. Mfuti imamvekabe, koma makutu a woombera amatetezekako ndipo ziweto sizibalalika kwambiri.

Pakamwa ndi pamene pali nkhani

M'kati mwa mpope muli mizere yopotana imene imazunguza chipolopolo kuti chiyende mowongoka. Mizereyi imathera pakamwa pa mfuti, malo otsiriza amene chipolopolo chimakhudza. Mlomo wa pakamwapo ukakhala wosalala mofanana kuzungulira konse, mpweya wotentha wa onga umatuluka mofanana kumbuyo kwa chipolopolo. Ukakumbika mbali imodzi, ngakhale pang'ono ngati kambewu ka mawere, mpweyawo umathamangira mbali imeneyo n'kupotoza chipolopolo. Zotsatira zake ndi nyama yovulala yothawira kuthengo kukafa mozunzika, kapena nguluwe yolasidwa imene ingatembenukire munthu.

Sailensa imawonjezera ngoziyi mwakachetechete. Onga ukapsa umasiya mwaye ndi nthunzi, ndipo sailensa imakola zonsezi m'zipinda zake. Chitsulo chikazizira, nthunzi imasanduka madzi. Mfuti ikaimikidwa pakona kamwa lili m'mwamba sailensa ili pomwepo, madzi osakanikirana ndi mwaye amatsikira pamlomo ndi m'kati mwa mpope. Pakangotha masabata ochepa dzimbiri limakhala litakumba timaenje, ndipo chitsulo chimene dzimbiri ladya sichibwereranso.

Nyengo yathu imathandizira. Walira mvula walira matope: kuyambira Novembala mpaka Epulo chinyezi chimalowa paliponse, ndipo amene adakhalapo ku Kanyama nthawi ya kusefukira kwa madzi amadziwa mmene zipupa zimanyowera. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala fumbi limamatirira pamafuta n'kumakwecha chitsulo ngati mchenga.

Kasamalidwe kake

Choyamba, onetsetsani kuti mfuti ilibe chipolopolo ndipo yaloza kumene kulibe munthu. Dikirani sailensa izizire, chifukwa imatentha mpaka kuwotcha dzanja, kenaka muichotse tsiku lomwelo. Muiimike payokha pamalo opita mphepo kuti iume. Pukutani mwaye pamlomo ndi pamizere yopoterapo sailensa ndi kansalu kofewa, pakanipo mafuta a mfuti pang'ono, ndipo vindikirani mizereyo ndi kachivindikiro kake. Musakande mwaye ndi mpeni, msomali kapena waya.

Potsuka mpope, lowetsani kandodo kotsukira kuchokera kumbuyo ngati mfutiyo ikulola. Mfuti zambiri zidatha pakamwa chifukwa cha kandodo kokwechesa pamlomo chaka ndi chaka. Posunga, kamwa liloze pansi, litatsamira pachinthu chofewa ndi chouma, kuti mafuta ndi chinyezi zitsikire kunja. Pobwezeretsa sailensa onani kuti yakhala mowongoka ndi molimba, pakuti yokhwefuka ikhoza kugundidwa ndi chipolopolo.

Lamulo ndi chitetezo cha banja

M'Zambia mfuti zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act, Chaputala 110, ndipo kukhala ndi mfuti popanda laisensi ndi mlandu. Kusaka nyama kuli pansi pa Zambia Wildlife Act ya 2015, ndi nthambi ya boma ya Department of National Parks and Wildlife imene likulu lake lili ku Chilanga. Musanagule kapena kuika sailensa pamfuti iliyonse, kafunseni ku polisi, ndipo yopangidwa kuseri kwa nyumba muikane.

Amisiri owotcherera zitsulo a ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, ndi aluso ndithu, ndipo angakupangireni bokosi lachitsulo lolimba lokiyira mfuti. Koma kukonza mlomo wowonongeka kapena kudula mizere pampope ndi ntchito ya mmisiri wa mfuti wovomerezeka yekha. Mfuti ikhale yokiyidwa, zipolopolo zikiyidwe kwina, makiyi akhale kutali ndi ana. Mfuti ya pafamu isachoke pafamu kupita kukomboni, kumene nyumba n'zothithikana ndipo chipupa chimodzi chimalekanitsa mabanja awiri.

Mukaona kadontho kofiira ka dzimbiri pamlomo, kapena mfuti yayamba kuphonya pamene kale inkalasa, uzani mwini famu msanga ndipo isagwiritsidwe ntchito pa nyama mpaka mmisiri ataiona.