Kodi Nthumwi Zibwerere Kwawo Zitanyamula Chiyani?

Nyengo ya misonkhano yayandikira. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, misewu ya m'mapiri n'kuuma, makalata oitana anthu amayamba kuyenda m'mipingo: msonkhano wa amayi a Chigwirizano, wa achinyamata, wa makwaya, wa akulu a mpingo ndi atumiki. M'komiti yokonzekera, nkhani ya alaliki ndi mitu ya maphunziro imatha msanga, ya ufa ndi nkhuni nayo sivuta, koma pakafika funso lakuti nthumwi tidzazipatsa chiyani choti zikaonetse kwawo, anthu amakhala pansi mpaka dzuwa kupendeka. Ife takhala m'makomiti otere zaka zambiri, ndipo zimene tikulemba pano zambiri tidaziphunzira polakwitsa.

Chaka china tidakonza msonkhano wa achinyamata, nitigwirizana zosindikiza matisheti, amene ena kuno amati makamizeti. Popeza ndalama zidali zochepa, tidaitanitsa ochepa kusiyana ndi anthu amene tidawaitana, poganiza kuti ena sadzabwera. Tidagawa Lachisanu m'mawa pakhomo la tchalitchi. Oyamba kulandira adali a pafupi, amene adagona m'nyumba zawo, ndipo alendo olemekezeka a pa mipando ya kutsogolo adalandira awiriawiri, ina yoti akapatse mayi kunyumba. Madzulo kudafika anyamata ndi atsikana a mpingo wina wa kutali, amene adanyamuka kusanache, ena pa njinga, ena wapansi, atasenza ufa wawo. Adapeza katoni ili gwa. Masiku atatu onse adaimba ndi kuphunzira pakati pa anzawo ovala zofanana, iwo okha atavala za kwawo, ndipo pojambula chithunzi cha msonkhano adakaima kumbuyo. Chaka chotsatira mpingo umenewo sudatumize munthu ndi mmodzi yemwe. Palibe adadandaula poyera. Mkulu wa mpingo wawo adangotiuza mwaulemu kuti ana atanganidwa kudimba.

Tidayenera kudziwa bwino. Ambiri a ife tidakulira ku Dedza ndi ku Ntcheu monga othawa nkhondo, mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 usanabwere, ndipo tikukumbukira kuima pamzere wolandira ufa ndi mabulangete, mtima uli m'mwamba kuopa kuti zitha tisanafike. Munthu wodumphidwa pogawa saiwala. Ngakhale dandaulo loyamba lolembedwa mu mpingo wa ku Yerusalemu, pa Machitidwe 6:1-6, lidali la kagawidwe: akazi amasiye olankhula Chigriki ankaiwalika pa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Atumwi sadayese nkhaniyo yaing'ono. Adasonkhanitsa mpingo, ndipo padasankhidwa amuna 7 a mbiri yabwino oti aziyang'anira ntchitoyo. Chifukwa chake ife tikuti funso loyamba la komiti lisakhale lakuti chokongola n'chiti, koma lakuti n'chiyani chimene thumba lathu lingagulire munthu aliyense, kufikira amene adzafike pomalizira. Ngati ndalama zikukwana makope a onse kapena matisheti a theka la anthu, gulani makope.

Tsopano tinene za chitenje, kapena kuti kapulana, pakuti pa misonkhano ya amayi palibe china chimene chimafunidwa koposa. N'zomveka. Nsalu ya mamita 2 imavalidwa m'chiuno, imabereka mwana, imafunditsa wodwala, imamanga mtolo wa nyemba wopita kumsika, ndipo pamaliro imayalidwa pansi. Sifuna muyeso wa thupi monga tisheti, imene kwa wina imathina, kwa wina imakhala ngati mkanjo. M'dziko lathu lino chikumbutso chosindikizidwa pa nsalu n'chozoloweka: chaka chilichonse pa 7 Epulo, tsiku la amayi a Mozambique lokumbukira imfa ya Josina Machel mu 1971, amayi a m'masukulu, m'zipatala ndi m'misika amatuluka atavala nsalu zofanana. Mpingo ukasankha chitenje, wasankha chinthu chimene anthu amachidziwa ndi kuchilemekeza.

Komabe pali zoti tisamale. Fakitale sisindikiza chitenje chamtundu watsopano pang'onopang'ono, chifukwa imayamba yakonza zosindikizira za chithunzicho, utoto uliwonse chakechake, ndipo mtengo wa ntchito imeneyo umabwerera pokhapokha nsalu ikachuluka. Mpingo umodzi sungathe. Nzeru yake n'kugwirizana mipingo ingapo, kapena sinodi yonse, ndi kusalembapo chaka kapena dzina la malo a msonkhano, kuti zotsala zidzagwire ntchito chaka chamawa. Takhala tikuona mitolo ya nsalu itaunjikana m'chipinda cha abusa, yosagulika ndi yosagawika, chifukwa cha manambala anayi a chaka chimene chidapita. Chinanso ndi mtundu wa nsalu. Ya nailoni ndi yotsika mtengo ndipo imanyezimira patsiku loyamba, koma siyamwa thukuta, mfundo yake imaterera pobereka mwana, ndipo ikakhudza khala pophika imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Komiti ipemphe kachidutswa, amayi awiri akachape ndi sopo katatu, akayanike padzuwa, kenaka abwere nako ku komiti. Ya thonje ikadula, ndi bwino kuchepetsa mitundu ya utoto kusiyana ndi kutsitsa nsalu.

Nanga pansalupo palembedwe chiyani? Mkulu wina wachikulire adatifunsa funso limene sitidaliyankhe msanga. Adati, abusa, nsalu iyi ikadzatha idzakhala thewera kapena chopukutira mphika, nanga dzina la Mulungu limene mwalemba pakatipa lidzakhala pati? Ena adaseka, koma funsolo n'loona. Maganizo athu ndi akuti chizindikiro cha mpingo ndi mau ochepa zikhale m'mphepete mwa nsalu, osati pamalo pamene munthu amakhalira, ndipo nthawi zina n'kokwanira kulemba buku, chaputala ndi vesi, kuti wofuna kudziwa akatsegule yekha. Koma nkhope za atsogoleri tikuzikana ndithu. Chiyambire chisankho choyamba cha zipani zambiri mu 1994, anthu athu adazolowera kuti nsalu kapena tisheti yokhala ndi nkhope ya munthu imadza m'nyengo ya kampeni, ndipo wopereka amayembekezera voti. Mpingo usavale chovala chimenecho. Mbusa amasamutsidwa, nthawi zina amagwa, koma nsalu imatsala m'midzi zaka khumi. Mitundu nayo tiiyang'ane: gulu la anthu ovala zofiira zokhazokha likamayenda pamsewu wa Ulónguè, oona amayamba aganiza za chipani asanawerenge zolembedwazo.

Pa chinenero sitichedwapo. Agogo amene adzavale nsaluyo amapemphera m'Chichewa, choncho mau aakulu akhale a m'Chichewa, Chipwitikizi chibwere pansi pake ngati malo alipo. Mau a Chingerezi amene osindikiza amakonda kuwonjezera okha sathandiza munthu kuno. Komiti igwirizanenso kalembedwe, pakuti m'masukulu athu Cinyanja chimalembedwa ndi c yekha, monga m'Buku Lopatulika lakale lija, pamene mabuku ochokera ku Malawi amalemba ch. Ndipo anthu awiri awerenge chitsanzo chomaliza Baibulo lili m'manja. Tidaonapo matisheti mazana atalozera vesi limene m'chaputalamo mulibe.

Kwa ife a ku Angónia ndi Tsangano, mzinda wa Lilongwe uli pafupi kusiyana ndi mzinda wa Tete, monganso Blantyre alili pafupi kwa abale a ku Milange, motero makomiti ambiri amakasindikiza tsidya lija la malire. Palibe choipa, koma powerengera mtengo muikepo ulendo, kusintha metikali kupita ku kwacha, ndi msonkho wa pachipata cha Calómuè kapena Zóbuè. Mtengo umene mwauzidwa lero ulembedwe papepala pamodzi ndi tsiku lolandira katundu, pakuti ndalama imasintha: mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, mitengo ya m'masitolo n'kukwera motsatira. Ena amalangiza kuti makatoni adutse pa njinga m'njira za kumunda usiku kuti tisalipire msonkho. Abale, katundu wolembedwa mau a Mulungu asalowe m'dziko ngati wakuba. Aroma 13:6-7 sakutisiyira mpata wokambirana.

Pa makalendala pali msampha wina umene ambiri adagwamo. Kalendala yosindikizidwa ku Malawi imabwera ndi masiku opuma a kumeneko, 15 Januwale ndi 6 Julayi, koma 3 Febuluwale, 25 Juni ndi 25 Seputembala wathu mulibe, pokhapokha mutawauza osindikiza. Ndiponso kalendala yogawidwa mu Ogasiti yatsala ndi miyezi inayi yokha. Nyengo ilingaliridwe pa chinthu chilichonse. Msonkhano wa mu Juni kapena Julayi, pamene chisanu cha kumapiri kuno chimalowa m'mafupa, chipewa choluka chimaposa kapu ya dzuwa. Ambulera ndi yabwino mvula ikayandikira, koma yotsika mtengo siipirira mphepo ya tsiku limodzi. Tizitsulo tokolekapo makiyi, tizibangili tapulasitiki ndi mabaji, zimenezi n'za m'mizinda, kumene munthu ali ndi makiyi ambiri. Kwathu zimathera m'manja mwa ana msonkhano usanathe.

Chimene chimanyozeka m'makomiti, koma chimagwira ntchito koposa, ndi kope ndi cholembera. Nthumwi imalembamo maphunziro, ikafika kwawo imawerengera anzake amene adatsala, ndipo masamba otsala mwana amapita nawo kusukulu. Pamwamba pa izi pali buku. Malo oyamba a mishoni yathu kuno ku Angónia, otsegulidwa mu 1909, adatchedwa Mphatso. Boma la Apwitikizi lidawatseka mu 1922, chaka chomwecho chimene Buku Lopatulika lonse lidatuluka m'chinenero chathu, ndipo makolo athu adakhala zaka zambiri opanda mbusa wokhala pakati pawo, nasunga chikhulupiriro powerengerana buku limenelo m'makomo. Lero tili ndi akulu a mpingo amene amatsogolera mapemphero ndi Baibulo lothothoka masamba, ena maso adafooka ndipo akusowa magalasi owerengera. Pa msonkhano wa akulu, ndalama ya tisheti ndi kapu ikadaphatikizidwa, ikadafika patali pogula Chipangano Chatsopano, Mlozo kapena buku la nyimbo. Kwa amene sadziwa kuwerenga, kakhadi ka m'foni kokhala ndi Baibulo lomvetsera kamatumikira banja lonse madzulo.

Nthawi zina amabwera munthu wamalonda kapena wandale, nati ndilipira zonse, mungoikapo dzina langa kumsana. Komiti isayankhe tsiku lomwelo. Ifunse ngati ingakondwere kuona dzina limenelo litaima pamodzi ndi la mpingo pamaliro, paukwati ndi pa Mgonero wa Ambuye, pakuti kumeneko n'kumene chovalacho chidzapita. Wofunadi kuthandiza adzalola kuti mphatso yake ipite ku ufa ndi ndiwo, iye n'kuthokozedwa pa zolengeza. Ndalama ya chakudya isadulidwe konse chifukwa cha zogawa, ndipo chopereka cholowera pamsonkhano chisakwezedwe mpaka mayi wamasiye kulephera kubwera chifukwa cha chitenje chimene sadachipemphe.

Pa msonkhano wathu ukubwerawu tagwirizana motere. Mlembi wa mpingo uliwonse atumize chiwerengero cha nthumwi zake kutatsala milungu 6, ndipo tidzagula mowonjezerapo pang'ono. Aliyense adzalandira kope ndi cholembera pofika, ngakhale atafika pakati pa usiku, chifukwa atumiki awiri adzagona pafupi ndi katoni. Chitenje chidzagulitsidwa padera pamtengo umene tidagulira, kwa ofuna okha, ndipo sichidzakhala yunifolomu ya msonkhano. Mabuku adzaperekedwa Lamulungu titatha mapemphero, mpingo ndi mpingo, kuyambira wa kutali kwambiri, alendo a pa mipando ya kutsogolo ndi ife abusa pomalizira. Kwa abale a mpingo uja wa kumapiri tatuma akulu awiri kuti akapereke kalata yowaitana pamanja, ndi kukapepesa.