Cifukwa cimene amuna amasinthira mzimai akalowa nchito pakati pao

M'magalaja, m'migodi ndi m'maofesi momwe kwa zaka zambiri munali amuna okhaokha, zinthu zimasintha mofulumira mzimai akangolembedwa nchito. Ovololo imene inali kutha mlungu wathunthu osaona sopo imayamba kucapidwa. Ndevu zimametedwa, malaya amasitidwa, ndipo mau otukwana amene anali ngati moni wa m'mawa amacepa.

M'dziko muno la Zambia zimenezi zikuoneka kwambiri m'migodi. Kale akazi anali kuletsedwa kugwira nchito pansi pa nthaka, motsatira pangano la bungwe loona za nchito pa dziko lonse la ILO la m'caka ca 1935. Boma linacoka m'panganoli mu 1998. Lero azimai amayendetsa magalimoto akuluakulu onyamula miyala ku migodi ya Kansanshi ndi Lumwana m'cigawo ca Kumpoto cakumadzulo, koma m'magulu ambiri a anchito akali ocepa.

Kucepa kumeneku ndiko gwero la kusinthako. Katswiri wa za cikhalidwe ca anthu wa ku America, Rosabeth Moss Kanter, anafotokoza nkhaniyi mu 1977 m'buku lake lochedwa Men and Women of the Corporation. Iye anapeza kuti akazi akakhala osapitirira 15 pa anchito 100 alionse, maso a onse amakhala pa iwo, ndipo amuna nawonso amayamba kudziyang'ana okha. Mwamuna amene sanali kusamala za maonekedwe ake pakati pa amuna anzake amazindikira kuti tsopano pali wina amene angamuone mosiyana.

Mbali ina ya kusinthaku ndi yabwino. Ukhondo umakula, mikangano ya nkhonya imacepa, ndipo zimaonekeratu kuti amunawo anali kudziwa kale khalidwe loyenera pa nchito.

Komabe ulemu umenewu uli ndi bvuto lake. Mai Kanter anaona kuti amuna akamapepesa kwa mkazi asanatukwane, kapena akamasiya nkhani zao iye akafika, amakhala akumukumbutsa kuti ndi mlendo. Ena amamuona ngati mai wao wowaphikira tiyi, ena ngati kamlongo kofunika kutetezedwa. Kapitao akamulanda sipanala ponena kuti nchitoyo ndi yolemetsa, mzimaiyo amataya mwai wophunzira, ndipo nthawi yokweza anthu pa maudindo ikafika amauzidwa kuti alibe luso lokwanira.

Palinso amuna amene amadzikongoletsa ndi colinga comufunsira. Akakana, ulemu uja umasanduka miseche ndi kumumana thandizo. Akakwezedwa pa nchito, mphekesera zimabuka zoti ali pa cibwenzi ndi bwana. Kunyumba nako, mkazi akaona mwamuna wake wayamba mwadzidzidzi kudzola mafuta onunkhira popita ku nchito, mlandu nthawi zambiri umagwera mzimai uja amene sanacite ciriconse.

Malamulo a dziko lino amateteza mzimai wotere. Lamulo la Gender Equity and Equality Act la mu 2015 limaletsa kubvutitsa munthu pa nkhani za cisembwere. Lamulo la za nchito la Employment Code Act la mu 2019 limaletsa tsankho, limafuna malipiro ofanana pa nchito yofanana, ndiponso limalamula olemba anthu nchito kukhala ndi ndondomeko yolembedwa yolimbana ndi kubvutitsana komanso njira yoperekera madandaulo.

Udindo waukulu uli ndi olemba nchito. Mzimai afunika cimbudzi ndi cipinda cosinthiramo zobvala cakecake, ovololo, jombo ndi cisoti zomukwana, ndiponso kupatsidwa nchito zonse zimene anzake amapatsidwa. Malinga ndi zimene Mai Kanter anapeza, akazi akaculuka pa gulu, maso amacoka pa munthu mmodzi ndipo aliyense amayamba kuweruzidwa ndi nchito yake.

Kotero malaya ositidwa si umboni wakuti malo a nchito asintha. Umboni umaoneka pakapita miyezi, pamene mzimaiyo waphunzitsidwa makina onse, mau ake akumveka pa msonkhano, ndipo malipiro ake ndi ofanana ndi a mwamuna amene akugwira naye nchito imodzi.