Boma ndiye bwana, nanga woyimbira ndani?

Wogwira ntchito pakampani akakangana ndi bwana wake pa nkhani ya malipiro amadziwa kothawira: ku ofesi ya leba. Koma mphunzitsi wa pulayimale kapena kalaliki wa ku Capital Hill akathamangira komweko, amakapeza ofesala yemwe nayenso amalipidwa ndi bwana yemweyo. Boma ndilo lolemba ntchito, boma lomwelonso ndilo mwini unduna wa zantchito. Zili ngati timu yabwera pabwalo ndi woyimbira wake.

Omwe analemba lamulo la Labour Relations Act la 1996 anauona msampha umenewu. Pa mkangano wamba, mlembi wamkulu wa unduna wa zantchito, kapena yemwe iye wamutuma, ndiye amayanjanitsa mbali ziwirizo. Koma mbali imodzi ikakhala boma, kapena kampani yomwe boma limailamulira, mlembiyo amakhala kaye pambali. Okanganawo amagwirizana okha za mkhalapakati, ndipo akalephera pakatha masiku 7, bwalo la Industrial Relations Court ndilo limawasankhira munthu woima payekha. Zokambiranazo zimapatsidwa masiku 21. Zikakanika, ogwira ntchito amalemba kalata yochenjeza masiku 7 asanayambe kunyanyala. Mukawerengetsa, ndi pafupifupi mwezi wathunthu sitalaka yovomerezeka isanayambe. Ndiye zija zomangotumizirana pa WhatsApp kuti “mawa tisapite” lamulo silizidziwa ayi.

Apolisi, asilikali ndi oyang’anira ndende lamuloli siliwakhudza n’komwe.

Pa pepala zonsezi n’zooneka bwino. Koma malipiro enieniwo amakambidwa patebulo lina, pomwe nthumwi za boma za Government Negotiating Team zimakumana ndi mabungwe monga Civil Servants Trade Union ndi Teachers Union of Malawi. Patebulo pamenepa mphamvu ya wantchito ndi imodzi basi: kutula zida pansi. Mu February 2013, m’nthawi ya ulamuliro wa mayi Joyce Banda, ogwira ntchito m’boma ananyanyala kwa sabata pafupifupi ziwiri kwacha itagwa mphamvu. Sukulu zinaima, zipatala zinavutika, mpaka ndege zinasiya kutera. Mapeto ake olandira zochepa anawakwezera ndi 61 peresenti, akuluakulu ndi 5 peresenti.

Mpake kuti zomwe zinachitika mu 2021 zinawawa ambiri. Chaka chomwecho aphunzitsi ananyanyala pofuna ndalama ya chiopsezo cha Covid-19, ndipo patangopita miyezi yochepa Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo lija. Tsopano wonyanyala ntchito amayenera kulipidwa masiku atatu okha pachaka. Akapitirira, bwana ali ndi chilolezo chomudula malipiro. Bungwe la Malawi Congress of Trade Unions linakana zolimba, koma Pulezidenti Lazarus Chakwera anasainira.

Mbali ya boma siyopanda mfundo. Mwana wa Sitandade 8 yemwe akudikira mayeso sanalakwire aliyense, ndipo misonkho yolipira munthu yemwe ali pakhomo ndi yathu tomwe. Koma ine pondivuta m’pakuti yemwe anabweretsa bilu ku Nyumba ya Malamulo ndi yemwenso ali ndi ndandanda wa malipiro m’manja. Kwa mphunzitsi yemwe theka la malipiro ake limapita kale kungongole mwezi usanathe, tsiku lachinayi la sitalaka ndi ndalama ya lendi. Sitalaka ya 2013 ija ikanachitika pansi pa lamulo la leroli, boma likanatha kudula masiku ena onsewo.