Nthaka yodzala chamba chololedwa: umvere YouTube, malume kapena alangizi?

Funsani pa gulu lililonse la alimi pa WhatsApp kuti chamba chimafuna nthaka yotani, mayankho asanu afika musanamalize kumwa tiyi. Wina akuti chimamera paliponse ngati udzu. Wina akuti mugule dothi la m'matumba lochokera ku South Africa. Malume nawo akuti dothi la pachulu basi, zinazo ndi zachizungu. Aliyense akuyankhula motsimikiza, koma ndalama zolowa m'mundamo ndi zanu.

Tiyambe ndi lamulo, poti apa sipofunika kumva za anzanu. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi chamba cha m'mafakitale, chija amati industrial hemp. Ziphaso zimatuluka ku Cannabis Regulatory Authority, ndipo kulima popanda chiphaso ukadali mlandu. Kusuta nakonso sikudaloledwe. Chamba cha m'mafakitale sichiyenera kupitirira 1 peresenti ya THC, mankhwala aja ozunguza bongo. Ziphaso zake n'zodula, n'chifukwa chake achinyamata ambiri amalowa kudzera m'makopaletivi. Nkhaniyi ndi ya amene akulowera khomo limenelo.

Ndiye n'chifukwa chiyani malangizo amasemphana chonchi? Nthawi zambiri alangiziwo sakunama ayi, kungoti akukamba za mbewu ndi malo osiyana. Mnyamata wa pa YouTube uja ali ku Canada kapena ku California, ali ndi mitengo inayi m'miphika, m'chipinda choyatsa magetsi. Iye angathe kugula makoko a kokonati ndi timiyala toyera ta perlite n'kusakaniza dothi lake. Inu muli ndi ekala ku Kasungu kapena ku Mchinji. Ekala simungaidzaze ndi dothi logula, aise. Malume nawo akunena zomwe adaona pa chamba chakwathu kuno, chomwe chidazolowera nyengo yathu kwa mibadwo. Mbewu yololedwa yochokera kunja ndi mlendo, ndipo imavutika msanga.

Pali mfundo imodzi yomwe pafupifupi onse odziwa amagwirizana: mbewuyi imadana ndi madzi odikha. Mizu ikakhala m'madzi masiku angapo imaola, mbewu n'kuchita chikasu. Apa ndi pomwe ambiri amagwa, chifukwa dothi lakuda la makande kapena la kudambo limaoneka lachonde kwambiri, ndipotu chondecho chilipodi. Koma mu Januwale limasanduka phala, likauma limalimba n'kung'ambika, ndipo kambewu kongomera kumene kamalephera kuboola. Mchenga wokhawokha nawo umataya madzi ndi feteleza msanga. Chofunika ndi dothi lapakati, lofewa, lozama, losakanikirana mchenga, dongo ndi zowolerana. Katondo wosagwirana kwambiri angachite bwino mukamuthira manyowa.

Kuyesa koyamba sikufuna ndalama. Kumbani dzenje lozama masentimita 30, dzazani madzi, aphwe, kenako dzazaninso. Ngati mawa lake madzi akadali momwemo, funani malo ena kapena konzani mizere yaitali ndi ngalande. Tengani dothi lonyowa mulifinye m'manja. Likamaumbika ngati loumbira mphika, dongo lachuluka. Likangomwazika, ndi mchenga.

Chomwe maso sangaone ndi kuwawasa kwa nthaka, komwe amayesa ndi pH. Mbewuyi imakonda pH ya pakati pa 6 ndi 7 kapena kuposerapo pang'ono. Madera a mvula yambiri ngati Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay nthawi zambiri amakhala ndi nthaka yowawasa, ndipo m'minda yomwe yathiridwa feteleza wa nayitirojeni zaka zambiri kuwawasako kumakula. Mankhwala ake ndi laimu, koma kuchuluka kwake kumadziwika ukayezetsa dothi, osati kungoganizira. Malo ofufuza za ulimi monga Chitedze ku Lilongwe, Bvumbwe ku Thyolo ndi Lunyangwa ku Mzuzu ndiwo oyenera kufunsa. Ku Chitedze n'komwenso kudachitikira kafukufuku wa industrial hemp lamulo lisanadutse. Ine ndimadabwa kuona munthu akuthera ndalama pa bandulo kuonera mavidiyo usiku wonse, koma kutumiza kathumba ka dothi kukayezetsa akuti n'kuwononga.

Funsaninso mbiri ya mundawo. Mbewuyi imayamwa zitsulo zapoizoni monga lead ndi cadmium, moti idayesedwapo poyeretsa nthaka yoonongeka pafupi ndi Chernobyl. Zabwino kwa nthaka, zoipa kwa inu ngati mukugulitsa mafuta kapena njere zoti anthu adye. Malo omwe padali dzala, galaja kapena motayira mabatire, asiyeni. Munda womwe wakhala ukulimidwa fodya chaka ndi chaka ungakhale ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totupitsa mizu, ndipo chamba nacho timachigwira.

Zina zomwe anthu amanamizira nthaka si za nthaka n'komwe. Mbewu ikachita maluwa ikadali yofika m'mawondo, wina adzakuuzani kuti muonjezere feteleza. Chonsecho vuto lingakhale dzuwa. Mitundu yambiri ya ku Ulaya idapangidwira chilimwe chokhala ndi maola 15 kapena 16 a kuwala. Kuno usana sutalika kuposa maola pafupifupi 13, ndiye mbewu imaona ngati nyengo yatha, n'kuthamangira maluwa. Feteleza sangakonze zimenezo. Chimodzimodzi nkhani ya THC: chachikulu ndi mtundu wa mbewu ndi nthawi yokolola, osati kuti dothi linali la pachulu kapena ayi.

Nanga mitengo yaimuna, tizule kapena tisiye? Onse awiri akunena zoona. Wolima maluwa a mafuta a CBD amazula, chifukwa mungu ukafika maluwa amabereka njere ndipo mafuta amachepa. Wolima njere amaifuna. Choncho musanamvere munthu, mufunseni mafunso atatu: mudalima mtundu wanji, kuti, ndipo mumagulitsa chiyani? Akayamba kuzungulira, mwadziwa kale.

Manyowa aja a pachulu, a Mbeya kapena a m'khola, yesani pa mizere ingapo chaka choyamba, mizere ina muisiye, ndipo mulembe m'kope zomwe mukuona sabata iliyonse. Ndowe za nkhuku zosawolerana zokha ndiye musayese n'komwe, zimawotcha mizu.