Mlendo Amadza ndi Kalumo Kakuthwa

Ife a ku Woodlands timagula m'masitolo akuluakulu, koma amene amatigwirira ntchito pakhomo amabwerera madzulo kukomboni. Kumeneko pamela wa ufa, shuga ndi mafuta ophikira amazipeza pakantemba, ndipo tuntemba tambiri n'ta abale athu a ku Rwanda amene anathawa kuphana kwa mu 1994.

Anthuwa amatsegula mbandakucha, kutseka usiku. Amalipira lendi kwa eni nyumba a kuno, amagula mazira ndi tomato kwa inu alimi, ndipo mayi wosowa amamukongoza mpaka mwezi uthe.

Nanga tinawabwezera chiyani? Mu April 2016 kunabuka mphekesera yakuti ndiwo akupha anthu kuti apange zizimba za malonda. Masitolo oposa 60 anathyoledwa mu Lusaka, anthu mazanamazana n'kuthawira kutchalitchi cha St Ignatius ku Rhodes Park. Chikhalirecho ambiri anali atachotsedwa kale pa mndandanda wa othawa kwawo mu 2013, mapepala okhalira m'dziko ali ovuta kupeza.

Akhristu anzathu, mphekesera yotere ikafika kumphakati, tifunse: waona ndani? Wopanda umboni atseke pakamwa.