Theka la Mbale si Mwano: Za Apaulendo a Chifu Chochepa pa Ntcheu

NTCHEU. Basi yochokera ku Lilongwe kunka ku Blantyre ikaima pa boma la Ntcheu nthawi ya masana, apaulendo amatsika mwachangu, pakuti aliyense adziwa kuti woyendetsa sadikira nthawi yaitali. Ena amathamangira kwa okazinga tchipisi pa chiwaya, ena kwa ootcha nyama, ndipo ena amalowa m'nyumba zodyera nakaitanitsa nsima. Mbale imene imafika patebulo njodziwika kwa onse: mitanda iwiri kapena itatu ya nsima, nthuli ya nkhuku kapena ya ng'ombe, nyemba ndi masamba. Mtengo wake ndi umodzi, ndipo mwini nyumba amanyadira mbale ikadzaza, chifukwa m'dziko muno mbale yodzaza ndiyo imatchukitsa nyumba yodyera.

Koma pakati pa apaulendo pamapezeka munthu mmodzimmodzi amene mbale yotereyi imamuopsa. Ameneyu ndi munthu amene madotolo anamchepetsa chifu pa opaleshoni, kaya chifukwa cha kunenepa kopitirira muyezo, kaya chifukwa cha zilonda za m'mimba kapena khansa. Akapempha kuti ampatse theka la mbale, woperekera zakudya amadabwa, ndipo oyandikana naye amayesa kuti ndi woumira kapena wonyada. Chikhalirecho pempho lakelo ndi lamulo la dotolo, ndipo kuliphwanya kukhoza kumgoneka m'chipatala.

CHIYAMBI CHA OPALESHONIYI

Kudula chifu si luso latsopano. M'chaka cha 1881, ku Vienna, dotolo Theodor Billroth anachotsa gawo la chifu cha mayi wodwala khansa, ndipo mayiyo anatuluka m'chipatala ali moyo. Kuyambira pamenepo madotolo anazolowera kudula chifu pochiza khansa ndi zilonda zosamva mankhwala. Patapita zaka zambiri, dotolo Edward Mason wa ku yunivesite ya Iowa ku America anaona kuti anthu odulidwa chifu chifukwa cha zilonda amaonda ndipo savutika kukhalabe ochepa thupi. Tsono m'chaka cha 1966 anayamba kuchepetsa chifu mwadala pofuna kuthandiza anthu onenepa koopsa. M'zaka za m'ma 1990 madotolo anaphunzira kuchita ntchitoyi poboola timabowo pamimba m'malo mong'amba, ndipo kuyambira pamenepo odwala anachuluka.

Njira zotchuka lero ndi ziwiri. Pa njira yoyamba dotolo amachotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 aliwonse a chifu, natsalitsa kachifu kowonda konga nthochi. Pa njira yachiwiri amapatula kathumba kakang'ono kumtunda kwa chifu, kukula kwake ngati dzira la nkhuku, nakalumikiza ku matumbo aang'ono, kotero kuti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho. Chifu cha munthu wamkulu chimalandira lita imodzi ya chakudya kapena kuposerapo, koma kathumba konga dzirako kamalandira mamililita pafupifupi 30 okha, ndiwo masupuni aakulu awiri. Kathumbaka kamakula pang'ono pakapita miyezi, koma ngakhale patatha chaka ambiri amakhuta ndi chakudya chokwana kapu imodzi ya tiyi.

CHIFUKWA CHAKE NKHANIYI IKHUDZA MALAWI

Wina angafunse kuti nkhani ya kunenepa ikhudza bwanji dziko limene ana ambiri akadali opinimbira. Yankho lili m'chiwerengero. Kafukufuku wa Boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, koma anapezanso kuti amayi 21 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kuposa muyezo. Kafukufuku wina wa Unduna wa Zaumoyo wa m'chaka cha 2009 anapeza kuti munthu mmodzi pa akuluakulu atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 pa 100 anali ndi matenda a shuga. Pa dziko lonse lapansi, bungwe la World Health Organization linawerenga kuti m'chaka cha 2022 munthu mmodzi pa asanu ndi atatu alionse anali wonenepa mofika pa matenda. Motero Malawi wasenza akatundu awiri pa nthawi imodzi: kusowa kwa chakudya m'makomo ena ndi kuchuluka kwake m'makomo ena.

Opaleshoni yochepetsa thupi imachitika m'zipatala zazikulu za ku Johannesburg, ku Nairobi ndi ku India, ndipo mtengo wake ngokwera, kotero kuti Amalawi okhoza kuifikira ndi owerengeka. Koma alipo abale awo pa vutoli: anthu amene anadulidwa gawo la chifu chifukwa cha zilonda kapena khansa m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Aliponso odwala shuga, amene ndi ochuluka zedi, ndipo ku chipatala amalangizidwa kuchepetsa nsima. Onsewa akakhala paulendo wa pa msewu wa M1 amakumana ndi mbale yodzaza yomweyo, ndipo boma la Ntcheu, pokhala pakati pa mizinda iwiri ikuluikulu ya dziko lino, ndi amodzi mwa malo amene njala imawapezera.

ZIMENE ZICHITIKA MUNTHU AKAPYOLA MUYEZO

Munthu wa chifu chochepa akadya kuposa muyezo wake amamva ululu pachifuwa, ndipo kawirikawiri amasanza. Akamwa chakumwa chotsekemera kapena kudya chakudya cha shuga wambiri, chakudyacho chimatsikira m'matumbo mofulumira kwambiri, ndipo munthuyo amatuluka thukuta, mtima umathamanga, amachita chizungulire, mwinanso kutsekula m'mimba. Vutoli limavutitsa makamaka amene anachitidwa njira yolambalala ija ndi amene anadulidwa chifu chifukwa cha zilonda. Zoterezi zikamgwera munthu m'basi pakati pa Ntcheu ndi Balaka, manyazi ake ndi aakulu kuposa aja opempha theka la mbale.

Nchifukwa chake madotolo amaika malamulo okhwima. M'masabata oyamba wodwala amamwa zamadzimadzi zokha, kenaka zakudya zopota ndi zofewa, ndipo amafika pa chakudya cholimba patatha pafupifupi miyezi iwiri. Amauzidwa kuyamba ndi ndiwo zomanga thupi monga nsomba, mazira, nkhuku ndi nyemba, pakuti afunika magalamu osachepera 60 a zomanga thupi pa tsiku, ndipo akayamba ndi nsima malo a ndiwo amatha. Amauzidwa kutafuna kwambiri ndi kudya pang'onopang'ono kwa mphindi 20 kapena 30, kusamwa madzi pa nthawi ya chakudya koma kudikira theka la ora, ndi kupewa zakumwa za thovu. Mowa umamgwira msanga kuposa kale. Ayeneranso kumwa mankhwala owonjezera magazi ndi mavitamini, makamaka B12, moyo wake wonse.

Aliyense wodziwa kadyedwe ka kuno aona msanga kuti malamulowa atsutsana ndi chizolowezi. Mbamu ya nsima ambiri amangoimeza osatafuna. Nsima ndiyo chakudya, ndiwo nzongoperekeza, ndipo munthu amene wadya ndiwo zokha amati sanadye. Nyama yootcha ya pa msewu njouma ndi yovuta kutafuna, tchipisi nza mafuta ambiri, ndipo botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi limabwera pamodzi ndi mbale. Pamwamba pa zonsezi woyendetsa basi amakhala akuliza hutala panja.

ZIMENE ACHITA MAIKO ENA

Ku America ndi ku Britain zipatala zambiri zimapatsa odwalawa kakhadi kolowa m'chikwama, kofotokoza kuti mwini wake anachitidwa opaleshoni ya chifu ndi kupempha nyumba yodyera kuti imgulitse chakudya chochepa kapena cha muyezo wa ana. Kakhadika si lamulo: mwini nyumba akhoza kulola kapena kukana. Akatswiri ena a kadyedwe amachenjezanso kuti chakudya cha ana m'nyumba zodyera za kumeneko nthawi zambiri chimakhala chokazinga, kotero kuti kuchepa kwake sikutanthauza kuti nchabwino. Ambiri amalangiza wodwala kuti aitanitse ndiwo zokha, kapena agawane mbale ndi mnzake, kapena apatule gawo lake asanayambe kudya ndi kunyamula zotsalazo. Phunziro lake nlakuti kuchepetsa mbale pakokha sikukwanira. Chofunika ndi kudziwa chimene chichepetsedwe.

MBALI YA WOGULITSA

Chilungamo chifuna kuti mwini nyumba yodyera amvedwenso. Iyeyu si wouma mtima akakana kugulitsa theka la mbale pa theka la mtengo. Pa mbale ya nsima ndi nkhuku, ndalama zambiri zimalowa ku nkhuku, ku mafuta ophikira, ku nkhuni kapena makala, ndi ku malipiro a antchito. Mtanda umodzi wa nsima ukachotsedwa, chimene wapulumutsa wogulitsa nchochepa. Ndipo wodwala uja chimene afuna kwenikweni ndicho chodula: ndiwo zofewa zokwanira ndi nsima yochepa. Tsono akaumirira kulipira theka, wogulitsa aluza. Wogulitsa akaumirira mbale yodzaza, chakudya chitayidwa, mwina wodwala adzikakamiza kumaliza chifukwa chomvera chisoni ndalama zake.

Njira yokomera onse njosavuta. Nyumba yodyera ikhoza kulemba pa bolodi mtengo wa nsima paokha, pa mtanda uliwonse, ndi mtengo wa ndiwo paokha, kuti wogula asankhe yekha. Pamenepo wofuna mitanda itatu alipira itatu, ndipo wofuna dzira, nyemba ndi theka la mtanda alipira zomwezo. Wogulitsa sataya kanthu, koma apeza ogula atsopano: okalamba, odwala shuga, amayi oyenda ndi ana aang'ono, ndi apaulendo amene ndalama zawachepera.

Pa nkhani imeneyi Ntcheu ali ndi mwayi woposa maboma ambiri. Misika ya Lizulu ndi ya pa mphambano ya Tsangano njotchuka dziko lonse chifukwa cha mbatata ya kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi nyemba. Mbatata yophika ndi kuipota, nyemba zopsa bwino, masamba otendera ndi dzira lophika ndi zakudya zimene chifu chochepa chimalandira mosavuta kuposa nyama yootcha. Zonsezi zimalimidwa m'boma lomweli, ndipo zili m'magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene Boma liphunzitsa m'zipatala ndi m'sukulu.

MWAMBO WA PA KHOMO

Vuto lalikulu kuposa la mtengo lili pa khomo. Angoni a kwa Gomani adziwika ndi kulandira alendo ndi nyama ndi chakumwa, ndipo pa ukwati, pa chinkhoswe kapena pa sadaka, mlendo wosiya nsima m'mbale amaoneka ngati wanyoza wophika. Mpongozi akaphera mkamwini nkhuku, mkamwiniyo nadya mbamu zitatu nasamba m'manja, nkhani imamveka mudzi wonse. Palinso china chopweteka kwambiri. Kuyambira pamene matenda a Edzi anapezeka m'dziko muno m'chaka cha 1985, munthu woonda msanga amanong'onedwa. Wochitidwa opaleshoni yochepetsa thupi amataya makilogalamu ambiri m'chaka choyamba, ndipo pofuna kutseka pakamwa pa anthu akhoza kudzikakamiza kudya pamaso pawo. Akamatero kawirikawiri, kathumba kaja kamatanuka ndipo phindu la opaleshoni limachepa.

Mwambo wa makolo sunaikidwe kuti udwalitse mlendo. Cholinga chake nchakuti mlendo achoke ali wokondwa ndi wamphamvu, pakuti mlendo ndi mame. Makolo omwewo ankadziwa kuti wodwala ali ndi zakudya zosala zimene sing'anga wamuletsa, ndipo panalibe womdzudzula. Lamulo la dotolo liyenera kulandira ulemu womwewo. Kwa wodwalayo, mawu ochepa onenedwa chakudya chisanafike amathetsa zambiri: "Pepani amayi, a dotolo anandichepetsera chakudya. Mundipatse ndiwo ndi kansima pang'ono." Wophika wanzeru akamva zotere sakhumudwa, ndipo nsima yotsala sitayika, pakuti mkute uli ndi eni ake m'mawa.

UDINDO WA ALIYENSE

Boma lachitapo mbali yake pokhazikitsa masiku oonera odwala shuga ndi othamanga magazi m'zipatala za maboma, kumene anthu amayezedwa ndi kulangizidwa za kadyedwe popanda kulipira. Chotsala ndi chakuti malangizo a ku chipatalawo atsagane ndi wodwala kufikira patebulo. Dotolo kapena namwino akhoza kulemba mawu awiri m'buku la kuchipatala limene wodwala aliyense amayenda nalo, kuti alionetse pamene pafunika. Alangizi a zaumoyo amene amayendera nyumba zodyera poona ukhondo akhoza kufotokozera eni ake za ogula oterewa. Woyenda naye wodwala akhoza kugawana naye mbale imodzi, ndipo wodwalayo achita bwino kunyamula kambale kotseka kuti adye pang'onopang'ono basi ikuyenda.

Boma la Ntcheu linali ndi anthu oposa 650,000 pa kalembera wa 2018, ndipo tsiku lililonse pa msewu wake pamadutsa apaulendo ochokera kumpoto ndi kumwera. Nyumba zodyera za kumeneko zikayamba kugulitsa nsima pa mtanda ndi kulandira pempho la theka la mbale popanda kufunsa zambiri, apaulendo omwewo adzanyamula mbiriyo kufikira ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo nyumba za kumeneko zidzatengerapo chitsanzo.