NGOZI YA SITIMA PA DETE

Anthu okhala m'Chawama amazolowera kumva kulira kwa sitima ya pamtunda usiku, pakuti njanji ipita pafupi ndi nyumba zao. Koma si onse adziwa kuti njanji imeneyi, itaoloka Zambezi pa ulalo wa Victoria Falls, ifika ku Hwange, kumene akulu-akulu akuchabe Wankie, ndi kupitirira mpaka ku Bulawayo. Inafika pa Wankie m'caka ca 1903, pa Lusaka 1905, ndi pa Broken Hill 1906. Pa njanji yomweyi panali kudzera malasha opita ku migodi ya kopa, ndiponso amuna ambiri a ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland anaitsata pofuna nchito. Ena anakhazikika pa Dete, kasiteshoni ka m'mphepete mwa nkhalango ya nyama ya Hwange, ndipo zidzukulu zao zilankhulabe Cinyanja.

Pa Dete pomwepo panagwa tsoka lalikuru Loweruka pa 1 February 2003, kusanace. Sitima ya anthu inanyamuka ku Bulawayo madzulo, kulinga ku Victoria Falls, itasenza anthu oposa 1,000. Masiku amenewo mafuta a galimoto anasowa kwabasi m'Zimbabwe, mabasi anacepa, ndipo amphawi anathamangira sitima cifukwa mtengo wace unali wapansi. Tsono mumdimamo inaombana maso ndi maso ndi sitima ya katundu imene inasenza zamadzi zosacedwa kuyaka. Moto unabuka nthawi yomweyo nugwira mabogi, anthu ambiri ali m'tulo. Anafa anthu ngati 50, ndipo ena anapserera kotero kuti abale ao sanathe kuwazindikira. Obvulala oposa 60 anawatengera ku cipatala, ambiri ku Hwange.

Tsiku lomwelo combo ca m'mlengalenga ca Amereka, dzina lace Columbia, cinasweka pobwerera ku dziko lapansi, nafa anthu 7. Maiko onse analira asanu ndi awiriwo ndi kuwachula maina. Za anthu a pa Dete zinalembedwa mizere yowerengeka cabe.

Nanga zitheka bwanji kuti sitima ziwiri zikomane pa njira imodzi? Apa mpofunika kumvetsa mayendedwe ace. Njanji ya m'maiko ano ndi imodzi yokha; yopita kumpoto ndi yopita kumwera zonse zipondapo. Cifukwa cace anaika timphambano m'malo m'malo, pamene sitima imodzi ipatuka ndi kuima kufikira inzace itapita. Dalaivala sangathe kukhota monga acita woyendetsa lole. Kuima msanga sangathenso, popeza citsulo citerera pa citsulo cinzace, ndipo sitima yolemera, angakhale aimange mabuleki onse, iyendabe mtunda wautali. Akaona nyali ya mnzace kutsogolo, nthawi yatha kale. Motero moyo wa onse okwera uli m'manja mwa munthu amene sali m'sitimamo, ndiye wopereka cilolezo ca njira.

M'masiku a Rhodesia Railways anakonza makina akuti munthu mmodzi, ali khale m'ofesi kutali, aone pa bolodi pamene pali sitima iri yonse, natembenuze njanji ndi kuyatsa nyali zofiira kapena zobiriwira. Ubwino wa makinawo ndi wakuti amakana colakwa: sitima ikalowa m'cigawo cina, nyali ya mbali inayo siingasanduke yobiriwira, ngakhale munthuyo ataiwala kapena kuodzera. Koma makinawo ayenda ndi nthambo za kopa, kopa yemweyo amene amuna akhetsera thukuta pansi pa Nkana ndi Mufulira. Pofika 2003 mbala zinali zitadula nthambo zambiri pa njanji za m'Zimbabwe, ndipo ndalama zogulira zina panalibe. Nyali zikafa, anchito abwerera ku njira yakale, kuuzana pa wailesi kapena pa lamya ndi kulemba cilolezo pa pepala. Pamenepo mau amodzi omveka molakwa akwanira kupha khamu.

Nduna ya za mtengatenga, Bambo Witness Mangwende, inati ngoziyo inadza cifukwa ca kulakwa kwa munthu. Mauwo ngoona, koma ngosakwanira. Munthu amalakwa masiku onse, ndipo makina aja anaikidwa dala kuti kulakwa kwace kusafike pa imfa. Wanchito wa m'mgodi adziwa bwino cimeneci, pakuti cikwepe sicitsika pa mau a pakamwa pokha, koma pa belu lomveka ndi cipata cotseka.

Mabogi opsa anacotsedwa, njanji inakonzedwa, ndipo sitima zinayambanso kuyenda, popeza malasha a pa Hwange sakadatha kudikira. Zimene zinacedwa ndizo nyali zija. M'mwezi wa August 2006, pa njanji yomweyi, pafupi ndi Victoria Falls, sitima ya anthu inaombananso ndi ya katundu, moto unabukanso, ndipo anthu ena anafa. M'caka ca 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, a National Railways of Zimbabwe anaimitsa sitima zonse zonyamula anthu, pamodzi ndi ya usiku ija ya ku Victoria Falls.